Kumanga kandege ka Spitfire Mk IX: dziwani kaye ndege imene mukumanga

Funso limene limabwerabwera kwa amene angotsegula bokosi la tizidutswa tapulasitiki tomangira kandege ka Spitfire Mk IX, ndege yankhondo ya ku Britain ya pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, n'lakuti: "Muli matsigiro awiri, zotupa za pamapiko zamitundu iwiri, matayala amitundu itatu. Ndimate ziti?" Kapepala ka m'bokosi nthawi zina kamangoti sankhani, osanena chifukwa. Chimene chilipo n'chakuti Mk IX sinali ndege ya maonekedwe amodzi. Inapangidwa kuyambira 1942 mpaka 1945, ndege zoposa 5,600, ndipo inkasinthidwa ili m'kati mopangidwa. Ya mu August 1942 ndi ya mu March 1945 zili ndi dzina limodzi koma zimasiyana kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Tsatirani ndondomeko iyi musanatsegule botolo la guluu.

1. Mvetsani chifukwa chimene ndegeyi inabadwira

Chakumapeto kwa 1941, oyendetsa Spitfire Mk V a ku Britain anayamba kukumana ndi ndege yatsopano ya Germany, Focke-Wulf Fw 190, kumpoto kwa France. Inkawaposa liwiro, kukwera ndi kutsika. Kampani ya Rolls-Royce inali kale ndi mankhwala ake: injini ya Merlin 61, yokhala ndi supachaja yopanikiza mpweya kawiri motsatizana, ndi chipangizo choziziritsa mpweyawo usanalowe mu injini, chimene amachitcha intercooler. Injini yamtunduwu inayesedwa koyamba mu Spitfire ya nambala N3297 mu September 1941. Cholinga chinali choti ilowe m'ndege zokonzedwa mwatsopano, Mk VII ndi Mk VIII, koma nkhondo sinkadikira. Anangotenga thupi la Mk Vc, n'kulimbitsa pomangirira injini, n'kuikapo Merlin 61. Ndege yongogwirizira imeneyi ndi imene inadzapangidwa yochuluka kuposa zonse ziwiri zimene inkayembekezera.

Gulu la 64 Squadron la ku Hornchurch ndi limene linayamba kuigwiritsa ntchito pakati pa 1942, ndipo pa 30 July 1942 Donald Kingaby anagwetsa Fw 190 ali mu Mk IX. Pa nkhondo ya ku Dieppe, pa 19 August 1942, magulu anayi anali nayo kale.

Mbiri imeneyi ndi imene ikukuuzani zoyenera kuona pa kandege kanu. Injini yaitali inatalikitsa mphuno. Mphamvu zochuluka zinafuna pulopela ya Rotol ya masamba anayi m'malo mwa atatu. Mapaipi a ekizozi anakhala asanu ndi limodzi mbali iliyonse. Pansi pa mapiko panakhala mabokosi awiri ofanana a maredieta, pamene Mk V inali ndi bokosi lalikulu kumanja ndi kachubu kakang'ono ka oyilo kumanzere. Koma popeza thupi ndi la Mk V, katayala ka kumchira sikapindika. Mukaona katayala kobisika m'thupi ndi titseko take, imeneyo ndi Mk VIII kapena Mk VII, osati IX.

2. Sankhani ndege imodzi ndi mwezi umodzi

Musanene kuti "ndikumanga Mk IX". Nenani kuti "ndikumanga EN398 monga inkaonekera pa bwalo la ndege la Kenley pakati pa 1943". Nambala imeneyi, zilembo ziwiri ndi manambala atatu zolembedwa ndi penti yakuda pafupi ndi mchira, ndiyo dzina lenileni la ndege. Zilembo zikuluzikulu za m'mbali mwa thupi zinkasintha ndege ikasamutsidwa, ndipo ndege zingapo zinkavala zilembo zomwezo pa nthawi zosiyana. Chitsanzo chodziwika ndi cha woyendetsa ndege wa ku Britain, Johnnie Johnson. Zilembo zake JE-J zinali pa EN398 mu 1943, kenako pa MK392 mu 1944. Ndege ziwirizi si zofanana, ngakhale zomata zake, timapepala ta zilembo ndi zizindikiro tomata pa kandege, zikuoneka ngati zimodzi.

Zilembo zoyambirira za nambala zimakupatsani chithunzithunzi cha nyengo. BR ndi BS ndi za 1942. EN ndi za kumapeto kwa 1942 ndi mu 1943. MA, MH, MJ, MK ndi ML zikuyenda kuchokera mu 1943 kulowa mu 1944, ndipo zambiri zinatuluka m'fakitale ya Castle Bromwich pafupi ndi Birmingham. NH, PL, PT ndi PV ndi za 1944. Izi zingokuthandizani poyambira. Chogamula mlandu ndi chithunzi cha ndege yanuyo chojambulidwa nthawi ya nkhondo, ndipo chikasowa, chithunzi cha ndege ina ya m'gulu lomwelo, mwezi womwewo, ya nambala yoyandikana.

Chenjerani ndi ndege zimene zikuulukabe lero. MH434, imene inapangidwa mu 1943 n'kuyendetsedwa ku 222 Squadron ndi Pat Lardner-Burke wa ku South Africa, ikadali yamoyo ku Duxford ku England, ndipo zithunzi zake zokongola zili ponseponse. Koma ndege yoti yakhala ikuuluka zaka zoposa 80 yasinthidwa matayala, malamba, wailesi ndi penti kambirimbiri. Ikuthandizani kuona kapangidwe ka thupi, osati mmene ndege inkaonekera mu 1943.

3. Masulirani zilembo molondola

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna, ndipo timapepala ta m'mabokosi timangodumphapo. Pali zilembo zamitundu iwiri, zina kutsogolo kwa IX, zina kumbuyo kwake, ndipo zimanena zinthu zosiyana kotheratu.

Zakutsogolo zimanena za injini. F ndi ya Merlin 61, 63 kapena 63A. LF ndi ya Merlin 66, imene supachaja yake inakonzedwa kuti ipereke mphamvu zambiri ndege ikamauluka m'munsi ndi pakatikati. Inayamba kufika m'magulu kumayambiriro kwa 1943 ndipo ndi imene inapangidwa yambiri. HF ndi ya Merlin 70, ya m'mwamba kwambiri. Kunja kwa ndege simungaone kusiyana kwa mainjini amenewa. Ndiye musakhulupirire mphekesera yakuti LF imatanthauza mapiko odulidwa nsonga, kapena kuti HF imatanthauza mapiko osongoka aatali. Ma LF IX ambirimbiri anauluka ndi mapiko athunthu. Nsonga za mapiko zinkamangidwa ndi mabawuti, ndipo amakaniko ankatha kuzichotsa n'kutsekapo ndi kachivindikiro. Chithunzi chokha ndi chimene chingakuuzeni. Mapiko athunthu anali mamita 11.23 kuchoka nsonga kufika nsonga, odulidwa pafupifupi mamita 9.9. Pa sikelo ya 1/48, kutanthauza kandege kochepetsedwa ka 48 poyerekeza ndi ndege yeniyeni, amenewo ndi mamilimita 234 ndi 206. Pa 1/72 ndi 156 ndi 138.

Zakumbuyo zimanena za phiko ndi mfuti zake. Phiko la C lili ndi malo awiri oyandikana a mfuti zikuluzikulu mbali iliyonse. Pa Mk IX, mzinga wa Hispano wa mamilimita 20 unkakhala pamalo a m'kati, kufupi ndi thupi, ndipo pamalo akunja pankatsala kachitsa kotsekedwa. Chakunsonga kwa phiko kunali mfuti ziwiri za Browning .303 mbali iliyonse. Phiko la E, limene linayamba kuoneka mu 1944, linatembenuza zinthu: mzinga unasamukira pamalo akunja, pamalo a m'kati panalowa Browning .50, ndipo mfuti zing'onozing'ono zinayi zija zinachotsedwa. Lamulo losavuta kuloweza ndi ili: chachitali m'kati, chachifupi kunja, ndi C, chachifupi m'kati, chachitali kunja, ndi E.

Kusuntha kwa mzinga kumakoka zinthu zina zitatu zimene anthu amaiwala. Choyamba ndi chotupa cha pamwamba pa phiko, chimene chinkapereka malo kwa chipangizo chokokera zipolopolo mu mzinga. Ndege zoyambirira za phiko la C zinali ndi chotupa chachikulu, chotambalala, chophimba malo onse awiri. Kenako, mu 1943, chinayamba kulowedwa m'malo ndi chotupa chowonda ngati dontho la madzi, chokhala pamwamba pa malo a m'kati okha. Pa phiko la E chotupa chowondacho chili pamwamba pa malo akunja. Chachiwiri ndi mabowo otayira makhoko a zipolopolo pansi pa phiko, amene ayenera kugwirizana ndi mfuti zimene zilipo. Chachitatu ndi mabowo a mfuti za .303 kutsogolo kwa phiko: pa E atsekeni ndi putty, phala lotsekera mipata lija, musalaze, ndipo musamatepo tizigamba tofiira tija. Tizigambato tinali nsalu yomatidwa pakamwa pa mfuti kuti fumbi ndi chisanu zisalowe, ndiye pamene palibe mfuti palibenso chigamba.

Tsopano msampha weniweni. M'mabuku a oyendetsa ndege ndi m'zolemba za magulu za 1943 mudzapeza mawu akuti "Spitfire IXA" ndi "Spitfire IXB". Munthu wodziwa Mk V amafulumira kuganiza kuti B ndi phiko la B, la mzinga wa zipolopolo 60 zokhala m'ng'oma ndi chotupa chake pansi pa phiko. Ayi ndithu. Oyendetsa ndege anangodzipangira okha mayina amenewa dzina la LF lisanakhazikike: IXA inali ya injini za Merlin 61 ndi 63, IXB inali ya Merlin 66. Zonsezo zinali ndi phiko la C. Choncho mukawerenga kuti gulu lakutilakuti linalandira ma IXB, tengani phiko la C, ndipo musadule phiko la Mk Vb kuti mulumikize pa thupi la IX. Nacho chilembo c chimene timalemba lero m'dzina lakuti IXc sichinkalembedwa kawirikawiri m'mapepala a nthawiyo. Ankangoti Mk IX, chifukwa kusanabwere E panalibe phiko lina loti alisiyanitse nalo.

Mk XVI ndi ndege yomweyi ya mochedwa, yokhala ndi injini ya Merlin 266 yopangidwa ndi Packard ku America. Zinapangidwa 1,054. Bokosi la IXe yamochedwa lingakupatseni XVI ya msana wokwera kumbuyo kwa galasi popanda ntchito yambiri.

4. Yendani pa chithunzi kuchokera kumphuno kufika kumchira

Tengani pensulo, lembani yankho la mbali iliyonse, kenako chotsani m'bokosi tizidutswa timene simutifuna kuti tisakusokonezeni.

Pansi pa mphuno pali polowera mpweya wa kabyuleta. Pa ndege zoyambirira ndi kakamwa kakafupi kokhala kumbuyo, pafupi ndi pamene mapiko ayambira. Pa zamochedwa ndi chubu chachitali chofika kutsogolo pansi pa injini, chokhala ndi sefa ya fumbi ya Aero-Vee, yomwe inakhala yofunika kwambiri pa mabwalo afumbi a ku Normandy mu 1944.

Kumchira yang'anani zinthu ziwiri. Tsigiro, chiwongolero choimirira chija, linali lozungulira pamwamba ngati la Mk V, kenako panabwera lotambalala ndi losongoka. Timapiko topingasa ta kumchira tili ndi mbali yoyenda imene nsonga yake imalowa kutsogolo ngati nyanga. Pa zoyambirira mzere wolekanitsa umapita mopendekera kamodzi kokha. Pa zamochedwa nyangayo ndi yaikulu ndipo mzere umathyoka kawiri. Musaganize kuti zonsezi zinasintha tsiku limodzi. Ndege yambiri ya pakati pa 1944 inali ndi nyanga zazikulu ndi sefa yaitali koma tsigiro lozungulira.

Malimu a matayala anali a masipoko asanu poyamba, kenako anayi, ndipo ena ankaphimbidwa ndi chivindikiro chosalala. A masipoko atatu, pamodzi ndi chotupa chachikulu pamwamba pa phiko pamene tayala limagona, ndi zinthu za kumapeto kwenikweni ndi za pambuyo pa nkhondo. Ngati phiko la m'bokosi lili ndi chotupa chimenechi ndipo mukumanga ndege ya 1943, chipaleni.

Mawaya nawonso amapusitsa. Mk IX inali ndi wailesi ya VHF, yosafuna waya wochoka pa mlongoti wa kumbuyo kwa galasi kupita kumchira. Musaumange. Pa ndege zoyambirira panali mawaya awiri opyapyala ochoka kunsonga za timapiko ta kumchira kulowa m'mbali mwa thupi, a chipangizo chodziwitsa anzawo kuti ndegeyo si ya adani. Chipangizo chatsopano chitabwera, mawayawo anachoka ndipo panabwera kandodo kamodzi pansi pa phiko la kumanja. Ikani chimodzi mwa ziwirizi, osati zonse.

5. Chipinda cha woyendetsa

Spitfire inalibe pansi popondapo. Woyendetsa ankaika mapazi pa zopondera za tsigiro, ndipo m'munsi munkaoneka mimba ya ndege. Makoma pentani Aircraft Grey Green, koma kumbuyo kwa mpando, kupitirira pang'ono, m'kati mwa thupi munali mtundu wa aluminiyamu. Mpando wa ndege zambiri sunali wachitsulo. Unali wa mapepala oumbidwa ndi utomoni, wofiirira ngati njerwa yootcha, wokhala ndi chotsamira chakuda. Kachitsulo kotsegulira galasi pangozi, kamene kali pa chitseko, musakapente kofiira. Kufiirako ndi kwa pambuyo pa nkhondo.

6. Polumikiza thupi ndi mapiko

Yesani kaye popanda guluu. Mapiko a Spitfire amakwera madigiri 6 kuchoka pathupi kupita kunsonga. Thupi likakhala lotambalala pang'ono chifukwa chipinda cha woyendetsa chalowa mothina, limakankha mapiko n'kuwagoneka, ndipo kandege kamaoneka ngati kotopa. Palani m'mbali mwa mafelemu a chipindacho mpaka thupi litatsekeka lokha, kenako kokani nsonga za mapiko ndi tepi yodutsa pamwamba pa thupi guluu akuuma. Pansi, kumbuyo kwa mapiko pamene akumana ndi thupi, pali kupindika kofanana ndi mapiko a mbalame ikamauluka. Musakudzaze ndi putty poganiza kuti ndi vuto la pulasitiki.

Chivindikiro cha pamwamba pa injini m'mabokosi ambiri chimabwera m'zidutswa ziwiri, ndipo mzere wa pakati suyenera kuoneka. Gwiritsani ntchito guluu wamadzi, finyani mpaka pulasitiki yosungunuka itatuluka pang'ono, dikirani masiku awiri, kenako palani ndi sandipepa ya 600, 1000 ndi 2000. Mukafulumira, mzerewo umadzabweranso pansi pa penti patapita sabata, chifukwa guluu amapitiriza kuuma n'kukoka pulasitiki. Mafulapu, timapiko ta kumbuyo kwa mapiko totsitsidwa potera, asiyeni otseka. Pa Spitfire ankangokhala otseka kapena otsegukiratu, ndipo ankatsekedwa ndege ikangotera chifukwa ankatchinga mpweya wodutsa m'maredieta.

7. Penti ndi miyeso yake

Ku Britain ndi kumpoto kwa Ulaya, pamwamba ndi Ocean Grey ndi Dark Green, pansi ndi Medium Sea Grey. Chisoti cha pulopela, zilembo za gulu ndi lamba wozungulira thupi patsogolo pa mchira ndi za mtundu wa Sky, wobiriwira motuwa. Kutsogolo kwa mapiko, chakunja kwa mizinga, kuli kamzere kachikasu. Ku Tunisia mu 1943, monga pa EN315 ZX-6 ya gulu la oyendetsa a ku Poland lotsogoleredwa ndi Stanisław Skalski, pamwamba ndi Dark Earth ndi Middle Stone, pansi Azure Blue.

Miyeso yonse ya nthawiyo inali m'mainchi. Chulukitsani ndi 25.4, kenako gawani ndi sikelo yanu. Lamba wa Sky anali mainchi 18: mamilimita 9.5 pa 1/48, 6.4 pa 1/72, 14.3 pa 1/32. Chizindikiro chozungulira cha m'mbali mwa thupi, cha mkombero wachikasu wopyapyala, chinali mainchi 36, kutanthauza mamilimita 19 pa 1/48. Cha pamwamba pa phiko, chofiira ndi chabuluu chokha, mainchi 56, mamilimita 29.6. Cha pansi pa phiko mainchi 32, mamilimita 17. Yezani zomata zanu musanaziviike m'madzi.

Yambani ndi mitundu yowala. Poperani Sky pamalo a lamba, ndi chikasu pamwamba pa penti yoyera kutsogolo kwa mapiko, muphimbe ndi tepi, kenako Medium Sea Grey, Ocean Grey, ndipo Dark Green pomaliza. Chikasu chopoperedwa pamwamba pa Dark Green chimafuna magawo ambiri ndipo chimasiya chitunda. Malire a mitundu iwiri ya pamwamba anali akuthwa ndithu; pa 1/72 gonekani chophimbira pa pulasitiki penipeni, pa 1/48 chikwezeni milimita imodzi yokha.

8. Mizere ya D-Day ndi kusintha kwa 1945

Mizereyi, yothandiza kuti anzawo asaiyese ndegeyo ya adani, inapakidwa mothamanga masiku ochepa 6 June 1944 isanafike, tsiku la D-Day limene asilikali a Britain ndi anzawo anakocheza ku Normandy. Ndi isanu, yoyera itatu ndi yakuda iwiri, uliwonse mainchi 18, kotero yonse pamodzi ndi mamilimita 47.6 pa 1/48. Pa phiko imayambira mainchi 6 kuchoka pa chizindikiro chozungulira, kulowera chakuthupi, ndipo pa thupi imathera mainchi 18 patsogolo pa timapiko ta kumchira. Mu July ya pamwamba inayamba kufufutidwa chifukwa inkaonetsa ndege zoimikidwa pabwalo, cha mu September ya pansi pa mapiko inachokanso, n'kutsala ya pansi pa thupi yokha mpaka kumapeto kwa chaka. Ndiye mizere yozungulira ponseponse ikutanthauza milungu yochepa chabe ya June ndi kuchiyambi kwa July. Ndege ya 401 Squadron ya pa 5 October 1944, tsiku limene gululi linagwetsa Me 262, ndege ya jeti ya Germany, singakhale nayo pamwamba.

Ambiri amakhotetsa mizereyi dala pofuna kuonetsa kuti inapakidwa ndi burashi. Kumbukirani sikelo. Kuphonya kwa inchi yathunthu pa ndege yeniyeni ndi theka la milimita pa 1/48. Mukapitirira apo kandege kamangooneka ngati kopentedwa mosasamala.

Kuyambira January 1945, ndege za 2nd Tactical Air Force, gulu lothandiza asilikali apansi ku Ulaya, zinafufuta lamba wa Sky, zisoti za mapulopela zinakhala zakuda, ndipo zizindikiro za pamapiko zinalandira mzere woyera ndi mkombero wachikasu ngati za m'mbali mwa thupi. Pamalo pamene panali lamba nthawi zambiri penti yatsopano inkasiyana pang'ono ndi yakale, ndipo ndi bwino kuonetsa zimenezo.

9. Kukalambitsa

Pa ndege zambiri masamba a pulopela anali a matabwa opanikizidwa, okutidwa ndi chophimba chakuda, nsonga zake zachikasu mainchi 4. Musaikepo zipsera za siliva. Tsigiro ndi mbali zoyenda za timapiko ta kumchira zinali zansalu, ndiye nazonso sizionetsa chitsulo. Siliva ayenera kukhala pamizu ya phiko la kumanzere pamene woyendetsa ndi amakaniko ankaponda, pa zomangira zivindikiro za injini, ndi m'mphepete mwa titseko ta mfuti. Utsi wa ekizozi umayamba wakuda chofiirira, pakati pake n'kutuwa, ndipo umatsetsereka pang'ono potsata mpweya wodutsa pamwamba pa phiko. Pansi pa mimba, kuyambira kumbuyo kwa injini, kokani mizere yopyapyala ya oyilo ndi penti ya mafuta yofiirira yosungunulidwa kwambiri, burashi ikuyenda kuchoka kutsogolo kupita kumchira, ndipo muisiye iume tsiku lathunthu musanapopere vanishi womaliza.